Ulendo wa pa Ndeke Kucokera ku Ndola Kufika ku Lusaka

Anthu a ku Migodi amakonda kunena kuti Lusaka ali pafupi, pakuti ndeke imafikako ola lisanathe. Mau amenewa ngoona, koma munthu amene walandira uthenga wa matenda kapena wa maliro ayenera kuwayesa bwino asanataye ndalama zace.

Pakati pa bwalo la ndeke la ku Ndola ndi la ku Lusaka pali mtunda wa makilomita monga 270, poyesa molunjika monga iulukira mbalame. Mseu uli wotalikirapo, makilomita monga 320, cifukwa umakhota kupyola pa Kapiri Mposhi ndi pa Kabwe, mzinda umene akulu-akulu anali kuucha Broken Hill kufikira caka ca 1966. Ndeke zoyenda njira imeneyi zimatha mphindi 45, pena ola lathunthu. Wodziwa masamu angadabwe, pakuti ndeke yothamanga makilomita 500 pa ola iyenera kutsiriza mtundawo pa theka la ola ndi mphindi pang'ono. Koma nthawi yolembedwa pa tikiti imayamba kuwerengedwa ndeke ikangosuntha pamalo pace. Imayamba yakwawa pansi kunka ku mpata woulukira, nikwera pang'ono-pang'ono, ndipo isanakhalitse m'mwamba yayamba kale kutsika. M'nyengo ya dzinja woyendetsa amalambalala mitambo ya mphezi, ndimo njira imatalika.

Tsono mabwalo onse awiri ali kunja kwa mizinda. La ku Ndola, lochedwa dzina la Simon Mwansa Kapwepwe, linatsegulidwa m'caka ca 2021 kumadzulo kwa mzinda, kufupi ndi pamene inagwera ndeke ya Dag Hammarskjöld, mlembi wamkulu wa United Nations, m'mwezi wa September 1961. La ku Lusaka linayamba nchito mu 1967, nilandira dzina la Kenneth Kaunda mu 2011, ndipo lili makilomita oposa 20 kum'mawa kwa mzinda.

Wanchito wa ku Kitwe adzatha monga ola limodzi pa galimoto kuti afike pabwalo. Pamenepo afunika kufika ola lathunthu ndeke isananyamuke, kuti aonetse tikiti ndi citupa cace, ndi kuti katundu wace apimidwe pa sikelo. Thumba la ufa limene basi ikadanyamula mosabvuta, kuno alilipiritsa padera. Atatera ku Lusaka adikira katundu, nafunanso galimoto lina lolowa m'tauni. Zonse pamodzi zifika maola anai. Basi yocokera ku Kitwe imatha maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, makamaka ikatsata malole olemera ndi mkuwa. Cotero ndeke imuombolera maola awiri kapena atatu okha, pa mtengo woposa wa basi kangapo. Kwa wongokaona abale ku Matero, ndalamazo ncabwino kuzisunga.

Mlandu usintha kwa munthu wa kwao ku Chipata. Iye akafika ku Lusaka pa basi, makilomita oposa 550 akali patsogolo pace, ndiwo ulendo wa tsiku lina lathunthu kuoloka Luangwa. Koma akakwera ndeke ku Ndola m'mawa, napeza ina ya ku Mfuwe, imene imauluka ola limodzi ndi mphindi zocepa, atsala ndi mseu wa makilomita oposa 100 kuti alowe m'Chipata. Asanalipire afunse bwino ngati ndeke ziwirizo zikumana tsiku lomwelo, cifukwa akaiphonya yaciwiri adzagona m'Lusaka, ndipo kumudzi adzafika maliro ataikidwa kale.