Njuga ya pa Foni: Mau Olankhulidwa pa Msonkhano wa Aphunzitsi

Kale wochova njuga anali kubisala kuseri kwa nkhokwe. Lero njuga yaloŵa m'thumba mwa mphunzitsi, pakuti kubecha pa mpira kucitika pa foni.

Wodziŵa masamu ayenera kuona msamphawo msanga. Mwa citsanzo, magulu aŵiri alingana mphamvu, ndipo kampani ilonjeza kubweza K190 pa K100. Munthu akaika K100 uku ndi K100 uko, wapereka K200, nalandira K190 yokha. K10 yotsalayo ndiyo phindu la kampani, ngakhale apambane ndani.

Mu 2019 bungwe la World Health Organization linaika njuga yosaletseka m'gulu la nthenda za cizoloŵezi, pafupi ndi ucidakwa. Zizindikiro zace ndi izi: munthu abechanso kuti abweze zimene wataya; aonjeza ndalama nthaŵi ndi nthaŵi; anamiza mkazi wace za malipiro; atenga kaloba; potsiriza agwira ndalama za sukulu zimene makolo anamsungitsa.

Wotere acotse njugayo m'foni, apemphe kampani kuti imtsekere khomo, apatse wina wa m'banja kusunga malipiro, naulule kwa mkulu wa mpingo kapena kwa dokotala. Anzace asamseke, koma amthandize, pakuti mutu umodzi susenza denga.