Moto wa Pamafuwa ndi Moto wa Kutchire

Mau amene mlembi wa Chigwirizano analankhula pa tsiku la chikondwerero

Tiyamika Mulungu amene watisunga kufikira tsiku la lero. Ife si anthu ophunzira kwambiri, sukulu tinalekezera ku pulaimale, koma komiti inatipempha kuti tilankhulepo pa nkhani imene yativuta m'misonkhano yathu. Nkhani yake ndi ya anansi athu Asilamu.

Chiyambi chake nchakuti tsiku lina, titamva pa wailesi za nkhondo ya ku Cabo Delgado m'dziko la Mozambique, mmodzi wa ife ananena kuti achotsa ntchito mlonda wake chifukwa ndi Msilamu, ati anthu ameneŵa ngosadalirika. Bambo amenewo anali atalondera pakhomopo zaka zambiri, osasoŵapo ngakhale supuni. Ena a ife anavomereza, ena anakana, ndipo tinabalalika tisanamvane. Chifukwa chake tinakhala pansi, tinafunsa abusa ndi ana athu ophunzira, ndipo zimene tinapeza ndizo tikuuzeni lero.

Poyamba tikumbutsane kuti Asilamu si alendo m'dziko muno. Chipembedzo chawo chinafika ku Nkhotakota ndi Jumbe, ndi kwa mafumu a Ayao, pamene misyoni ya ku Mvera inali isanayambe mu 1889. Kalembera wa mu 1998 si wathu lero, koma wa mu 2018 anapeza kuti pa anthu 100 alionse m'Malaŵi, pafupifupi 14 ndi Asilamu. Amene timapita ku msika wa ku Old Town timauona mzikiti waukulu, ndipo mbandakucha timamva kuitana kwa ku mapemphero. Nsomba, nsalu ndi ziŵiya timagula kwa iwo. Ku Capital Hill ndi ku City Centre amuna athu ndi ana athu amagwira nawo ntchito mu ofesi imodzi. Ndipo kumayadi kuno, ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ambiri otiphikira, otisamalira maluŵa ndi otilondera usiku ndi Asilamu ochokera ku Mangochi, Machinga ndi Salima.

Tsono tisabise chilungamo. Alipo anthu amene achita zoopsa m'dzina la Chisilamu. Mu Okutobala 1917 sitinalipo, koma mu Okutobala 2017 tinamva tokha kuti zigaŵenga zaukira tauni ya Mocímboa da Praia, ndipo mu Malichi 2021 zinaukira Palma. Anthu ambiri anaphedwa ndipo zikwi zambiri anathaŵa midzi yawo. Kwathu konkuno, mu Juni 2003, amuna asanu ochokera kunja atagwidwa ndi kutulutsidwa m'dziko powaganizira za uchigaŵenga, anthu okwiya anaononga machalichi ku Mangochi. Zimenezi zinachitikadi. Komatu chimene ambiri sitidziŵa nchakuti ku Cabo Delgado ambiri mwa ophedwa ndi othaŵa ndi Asilamu omwe, pakuti midzi ya m'mbali mwa nyanja kumeneko nja Asilamu. Munthu wonyanyira amayamba kudana ndi wa m'nyumba mwake amene wakana kumtsata.

Akuluakulu anati anyani amasekana zikundu. Tiyeni tidziyang'ane ife Akristu. Ana athu anatiuza kuti ngakhale dzina limene Azungu amatchula anthu oumirira pa chipembedzo linayambira pakati pa Akristu a ku America, amene pakati pa 1910 ndi 1915 anasindikiza timabuku totchedwa The Fundamentals. Iwo sanaphe munthu, koma ena odzitcha Akristu anapha. Tomo Nyirenda, mwana wa dziko lino, anadzitcha Mwana Lesa, namiza anthu m'madzi ku Zambia powatcha mfiti, kufikira ananyongedwa mu 1926. Ku Kanungu m'dziko la Uganda, mu Malichi 2000, anthu oposa 700 a kagulu kena anafa, ambiri a iwo atatenthedwa m'nyumba yopemphereramo. Ku Shakahola m'dziko la Kenya, kuyambira mu 2023, anafukula mitembo yoposa 400 ya anthu amene anauzidwa kuti asale kudya mpaka kufa kuti akakomane ndi Yesu, ndipo ambiri anali ana. Kodi Msilamu atanena kuti Akristu onse ali ngati amenewo, ife tingamve bwanji?

Ayuda nawonso, amene tinalandirako Chipangano Chakale, nthenda imeneyi sinawalambalale. Tikumbukire nkhani ya pa Genesis 25. Abrahamu atamwalira, ana ake aŵiri, Isake ndi Ismayeli, anamuika pamodzi m'phanga la Makipela ku Hebroni. Amayi awo anali atakangana, mmodzi anali atapitikitsidwa, koma pa maliro a atate awo anaima pamodzi. Pamalo omwewo, mu Febuluwale 1994, Myuda wina dzina lake Baruch Goldstein anaombera Asilamu amene anali kupemphera m'mwezi wa Ramadani, napha anthu 29. Ndipo mu Novembala 1995 nduna yaikulu ya dziko la Israel, Yitzhak Rabin, anaphedwa ndi Myuda mnzake wopemphera, chifukwa chofuna mtendere ndi Apalestina. Ayuda ambiri analira ndi kukana ntchito zimenezi.

Taona tsono kuti kunyanyira si katundu wa chipembedzo chimodzi. Kulikonse kumene kwapezeka, zizindikiro zake nzofanana. Munthu amatenga vesi limodzi nasiya buku lonse. Amamvera mtsogoleri mmodzi amene safunsidwa funso. Amaletsa anthu ake kudya, kulira maliro ndi kucheza ndi abale amene sali a gulu lawo. Potsiriza amayamba kuganiza kuti Mulungu ngofooka, afunika kumtchinjiriza ndi mwala kapena chikwanje.

Mwina wina afunsa kuti, kodi mukutiuza kuti tizizire pa chikhulupiriro? Iyayi amayi. Ife ndife anthu a kukhitchini, moto timaudziŵa. Moto wa pamafuwa umatentha ndithu, ndipo ndiwo upsetsa nsima. Moto wa kutchire nawo umatentha, koma umatha udzu, nkhokwe ndi nyumba, osasankha kuti iyi nja yani. Kusiyana kwake sikuli pa kutentha, koma kuti wina uli ndi malire. Msilamu wopemphera kasanu pa tsiku si wonyanyira, monga momwe ife obwera ku mapemphero a mbandakucha sitiri onyanyira. Korani imaphunzitsa anthu ake kuyenda njira ya pakati, ndiponso imaletsa kuloŵetsa munthu chipembedzo mokakamiza. Mphunzitsi wamkulu wa Ayuda, Maimonides, amene anali sing'anga ku Cairo pakati pa Asilamu, anaphunzitsanso za njira ya pakati. Ndipo pa Luka 9, Yakobo ndi Yohane atafuna kuitana moto kuti unyeketse mudzi wa Asamariya umene unakana kuwalandira, Ambuye wathu anawadzudzula. M'mutu wotsatira womwewo, munthu amene Ambuye anamsankha kukhala chitsanzo cha mnansi wabwino anali Msamariya, wa chipembedzo china.

Dziko lathu liri ndi umboni wakuti kukhala pansi kumathandiza. Mu 1992 atsogoleri a mipingo ndi a Chisilamu anayambitsa pamodzi bungwe la Public Affairs Committee, limene linathandiza kuti tifike pa riferendamu ya mu Juni 1993. Kuyambira 1994 kufikira 2004 mtsogoleri wa dziko lino anali Msilamu, a Bakili Muluzi, ndipo machalichi sanatsekedwe. Mu Novembala 2019, kwa M'manga m'boma la Balaka, kunabuka ndeu chifukwa atsikana ovala hijabu analetsedwa kuloŵa pa sukulu ya mpingo. Anthu anavulala, nyumba zinaonongeka, ndipo amene analuza kwambiri ndi ana, pakuti maphunziro anaima. Bungwe lomwe lija linakhazika pansi mbali zonse, ndipo mu Juni 2021 anasainirana kuti atsikana Achisilamu azivala hijabu yogwirizana ndi yunifolomu m'sukulu za mipingo zimene boma limathandiza. Ife amene timamanga duku poloŵa m'nyumba ya Mulungu tiyenera kukhala oyamba kumvetsa mwana wamkazi wofunda kumutu.

Nanga ife amayi tichitenji? Zazikulu za maiko sitingazithe, koma za pakhomo ziri m'manja mwathu. Wantchito wathu Msilamu timpatse nthaŵi Lachisanu masana kuti akapemphere, monga ife timafunira Lamulungu lathu. Tisamkakamize kuphika kapena kudya nkhumba, ndipo m'mwezi wosala kudya tisamsenzetse ntchito zolemetsa dzuŵa liri paliombo. Mnansi Msilamu akaferedwa tithamange msanga, pakuti iwo sachedwa kuika maliro, ndipo tikafika tikhale pamene atikhazika. Tisamale mau amene timalankhula ana akumva, chifukwa chidani mwana amachiphunzira pa mkeka. Ndiponso tiyang'anire ana athu omwe. Mwana akayamba kunena kuti makolo ake ndi mfiti, kuti mankhwala a kuchipatala ndi tchimo, kuti mneneri wake yekha ndiye amamva Mulungu, tisachedwe kuuza abusa. Kuchitira umboni za Yesu sitileka, pakuti ndiyo ntchito imene tinalonjeza tsiku limene tinavala yunifolomu. Koma munthu samva uthenga wa amene akumnyoza.

Timati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma mwambi umenewu ngwa nsomba za mu dengu, si wa anthu olengedwa m'chifanizo cha Mulungu. Aliyense adzayankha mlandu wake. Tikondwera kukuuzani kuti mnzathu uja, titapita kukacheza naye, anasintha maganizo, ndipo mlonda wake akali pa ntchito. Usiku uno, ambiri a ife tikagona mwamtendere chifukwa pa geti pakhala munthu wa chipembedzo china amene ali maso. Pamene tikupempherera mabanja athu, timkumbukire iyenso ndi ana ake.

Mulungu adalitse Chigwirizano chathu, ndipo moto wathu ukhale wa pamafuwa.