Mbeu Imene Tinalandira: Mau kwa Akristu a ku Assumane



Pa chikondwerero cha zaka 100 nkwapafupi kuwerenga matchalitchi, masukulu ndi maina a ansembe, ndi kuiwala chimene chinautsa zonsezo. Bambo Pietro Calandri, wa chipani cha Consolata, pamene anafika ku Mandimba mu 1926, nakhazikitsa mishoni ya Massangulo mu 1928, anadza ndi mau owerengeka, omwewo amene timavomereza Lamulungu lililonse titaimirira pambuyo pa ulaliki. Mlimi wanzeru, njala ikule bwanji, sadya chimanga cha mbeu chimene anapachika pamwamba pa moto. Mau amenewa ndiwo mbeu yathu, ndipo pa ubatizo wathu anafunsidwa kwa ife m'mafunso atatu.

Funso loyamba linali la Mulungu Atate. Makolo athu anamdziwa kale Chauta, Namalenga, mwini mvula. Chachilendo chimene anamva ndi chakuti Iyeyo ndi Atate, wodziwa mwana aliyense ndi dzina lake, ndiponso kuti palibe mphamvu ina yolingana naye. Tsono mkristu amene m'mawa avomereza Atate amphamvu zonse, usiku napita kukaombeza ula kuti apeze amene walodza mwana wake, wakana ndi miyendo chimene anavomera ndi pakamwa. Agogo angati m'midzi mwathu alira chifukwa chonamiziridwa ufiti ndi adzukulu ao obatizidwa? Mwana akadwala, njira ya mkristu ndi ya ku chipatala ndi ya ku pemphero.

Funso lachiwiri linali la Yesu Kristu. M'zaka zakale wansembe wina wa ku Alexandria, dzina lake Arius, anaphunzitsa kuti Mwana ndi cholengedwa, ngakhale choposa zolengedwa zonse. Maepiskopi anasonkhana ku Nicaea mu 325, natsimikiza kuti Mwanayo ndi Mulungu weniweni, wofanana ndi Atate. Sanachite makani achabe ai, pakuti ngati amene anafa pa mtanda sanali Mulungu, imfa yake sikadatiombola. Ndipo ngati sanali munthu weniweni, wobadwa mwa Maria Virigo, sakadadziwa njala, kutopa ndi maliro monga tizidziwira ife.

Kuno tikhala pamodzi ndi abale athu Asilamu. Titunga pa chitsime chimodzi, tikwatirana, tithandizana pa maliro. Iwo amalemekeza Yesu ngati mneneri Isa, ndipo amalemekezanso amai ake. Msonkhano wa Vatican II, wa zaka za 1962 mpaka 1965, unatilangiza kuwapatsa ulemu ndi kugwira nao ntchito za mtendere. Koma ulemu sutanthauza kubisa chimene tikhulupirira. Mnansi akakufunsani chifukwa chake mupembedza Yesu, muyankhe mofatsa ndi momveka: Iye anafadi, naukadi kwa akufa, ndipo ndi Ambuye. Kodi ana athu angathe kuyankha chotero?

Funso lachitatu linali la Mzimu Woyera, amene msonkhano wa ku Constantinople mu 381 unavomereza kuti apembedzedwa pamodzi ndi Atate ndi Mwana, Mulungu mmodzi mwa Atatu. Pa funso lomwelo pali Eklezia, kukhululukidwa kwa machimo, kuuka kwa akufa ndi moyo wosatha. Apa mbiri yathu yomwe ichita umboni. Dayosizi yathu inakhazikitsidwa mu 1963 ndi dzina la Vila Cabral. Mu 1975 boma linatenga masukulu ndi zipatala za mishoni, amishonale ambiri nachoka, ndipo ena anayesa kuti Eklezia watha. Koma mu 1977 msonkhano wa Eklezia wa dziko lonse ku Beira unasankha njira ya timagulu ta akristu, timene tizitcha makomunidade, m'mene akristu eniake atsogolera mapemphero, aphunzitsa katekisimu, nayendera odwala. Ambuye Episkopi Luís Gonzaga Ferreira da Silva anaweta dayosizi ino m'zaka zonse zowawazo. Nyumba zinalandidwa, koma Mzimu Woyera sanalandidwe.

Kumbukirani za ku Nipepe, m'dayosizi yathu yomwe ino. Mu Januwale 1989, nkhondo ili m'kati, anthu oposa 200, pamodzi ndi akatekisiti ndi mabanja ao, anatsekeredwa m'tchalitchi masiku angapo wopanda kotunga madzi. Anapempha Sisitere Irene Stefani, wa Consolata, amene anamwalira ku Kenya mu 1930, kuti awapempherere, namwa madzi a m'chobatizira; ndipo madziwo, ngakhale anali ochepa, anakwanira onse. Eklezia atafufuza anavomereza chozizwitsacho, ndipo mu 2015 ku Nyeri Sisitereyo anatchulidwa Wodala. Taonani, madzi amene anawapatsa moyo wa mzimu ndi omwewo anasunga matupi ao. Chimenechi ndicho chiyanjano cha oyera: akufa mwa Kristu sanatisiye.

Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo pakati pa oyanjanitsa panali Ambuye Jaime Gonçalves, Arkiepiskopi wa ku Beira. Pambuyo pake anthu amene anaphana abale anayenera kukhalanso m'mudzi umodzi. Kukhululukidwa kwa machimo kumene tivomereza kunayesedwa pamenepo, ndipo kuyesedwabe m'mabanja mwathu, pa milandu ya minda ndi ya chuma cha masiye.

Abale anga, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tingathe kuvala nsalu za chikondwerero, kwaya niimba bwino, mitima ili yopanda kanthu. Chifukwa chake ndikupemphani inu makolo, ndi inu amene munaimira ana pa ubatizo: madzulo, m'nyengo yozizira ino ya kwathu, pamene muotha moto, tengani Kumvera kwa Apostoli, mufotokozere ana anu chiganizo chimodzi pa mlungu, kufikira atadziwa tanthauzo lake. M'mera mpoyamba. Amene anatitsogolera sanadye mbeu ngakhale pa nthawi ya nkhondo. Ife amene tili pa mtendere tisakhale oyamba kuitaya.

Mulungu Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera atisunge m'chikhulupiriro chimenechi kufikira tsiku la kuuka kwathu. Amen.