Madzi Amasintha Mwala

Lero tikambirane za mwala ndi madzi. Ambiri timaganiza kuti mwala susintha. Koma mwala umaola, ndipo chimauoletsa ndi madzi.

Amai, inu mumadziŵa kapangidwe ka chidulo. Mumathira phulusa m'chitini chobowola, nkuthira madzi pamwamba. Madzi aja akamadontha pansi amakhala atatenga mchere wa m'phulusa. Phulusa lotsala limakhala losukuluka. Mvula imachita chimodzimodzi ndi mwala, kungoti imachita pang'onopang'ono.

Mvula ikamagwa imatenga mpweya wa m'mlengalenga. Ikaloŵa m'nthaka imatenganso mpweya wochokera ku masamba oola. Mpweyawu umasandutsa madziwo kukhala asidi wofooka. Madzi otereŵa akaloŵa m'ming'alu ya mwala amasungunula michere ina monga potashi ndi laimu, nkupita nayo kumtsinje. Chitsulo cha m'mwalamo chimachita dzimbiri. Ndiye chifukwa chake katondo ndi wofiira. Mwala uja umafeŵa, nkusanduka dongo ndi dothi.

Pamwamba pa phiri la Mulanje, pamalo otchedwa Lichenya, mvula imagwa yambiri. Kumeneko madzi anatsuka mwala kwa zaka zosaŵerengeka mpaka michere yambiri inachoka. Chimene chinatsala ndi dothi lotchedwa bokisaiti, limene akatswiri a miyala analipeza m'chaka cha 1924. M'dothi lamtunduwu ndimo amachotsamo aluminiyamu, chitsulo chopepuka chopangira mapoto ndi ndege. Mukatereka poto pamoto, dziŵani kuti chitsulo chake chinachokera ku mwala wotsukidwa ndi mvula.

Nanga ife alimi zikutikhudza bwanji? Dothi la m'munda mwanu linali mwala. Kuti mwala usanduke dothi lokwana kuya kwa chala chimodzi pamatenga zaka mazanamazana. Koma mvula yamphamvu ikagwa pamunda wopanda akalozera, dothilo limakokoloka tsiku limodzi. Lotsalanso limapitiriza kusukuluka ngati phulusa la chidulo lija, chimanga nkumachita chikasu.

Tsono tiyeni tilime mizere yopingasa chitunda. Mapesi tisamatenthe, tiziwakwirira. Tizithira manyowa kuti tibwezere michere imene madzi atenga. M'mphepete mwa mitsinje ndi m'mapiri tisiyemo mitengo. Mwala sungatipangire dothi lina ife tili moyo, ngakhale adzukulu athu sadzaliona. Tisunge lomwe tili naloli.