Mawu a mlendo wolemekezeka pa chionetsero cha zosokasoka ndi ntchito zamanja ku Ntengo-Wambalame

A Shefi a Posto ya Ntengo-Wambalame, mafumu ndi anyakwawa, atsogoleri a mipingo, aphunzitsi, alendo athu a ku Macanga amene mwalawira m'bandakucha kuti mufike kuno, abale athu a kutsidya kwa malire ku Ntcheu, amayi anzanga, abambo, anyamata ndi atsikana, ndikupatsani ulemu nonse. 

Lero ndi pa 7 Epulo. Dziko lonse, kuyambira ku Rovuma mpaka ku Maputo, likukumbukira Josina Machel, amene anamwalira tsiku ngati lalero mu 1971 ali ndi zaka 25 zokha, ndipo kudzera m'dzina lake tikulemekeza amayi onse a dziko lino. Tatchena ndithu. Koma tayang'anani chovala cha mnzanu amene mwakhala naye pafupiyo. Nsaluyo mwina inachokera ku India kapena ku China, inadutsa m'manja mwa amalonda ambiri isanafike pamsika. Amene anakuyezani, n'kuidula, n'kuchezera usiku akuponda makina kuti lero mutuluke nayo m'nyumba, ameneyo si wa ku India ayi. Ali pompano, ndipo mwina simunamalize kumulipira. Nkhani yanga ili pa munthu ameneyo.

Kuvala za manja athu sitinayambe dzulo. Agogo athu ankasenda khungwa la mombo, kuliviika, kenako kulisasantha ndi kachibonga pachipika mpaka lifewe ndi kutambasuka, chiwondo n'kukhala chatheka. Angoni a Maseko amene anakhazikika cha ku phiri la Domwe ankadziwa kufufuta zikopa ndi kutunga mikanda. Kuchigwa cha Zambezi, cha ku Tete ndi ku Sena, anthu ankapota thonje lawolawo n'kuwomba nsalu yolimba yotchedwa machira, imene inayenda pamalonda zaka mazana ambiri. Atsamunda ndi amene anatembenuza zinthu. Kuyambira mu 1938 mpaka mu 1961, m'madera ambiri a dziko lino anthu ankalimitsidwa thonje mokakamiza, thonjelo n'kumapita kukadyetsa mafakitale a ku Portugal. Mafakitale a nsalu amene dziko linali nawo, monga Textáfrica ku Chimoio ndi Texlom ku Matola, anatipatsako zitenje kwa kanthawi, koma pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 onse awiri anali atatseka zitseko.

Za nkhondo sinditalikitsa, poti ambiri pano munaziona ndi maso. Tinathawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, ndipo mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera ndi mitolo pamutu. Alipo amene posankha chonyamula anasiya mtondo ndi mpando, n'kusenza mutu wa makina osokera, podziwa kuti chitsulo chimenecho chidzagula mtondo wina. M'zaka zomwezo ndi mmene tinazolowera zovala za thandizo, za kalamidadi zija, zimene anzathu a kutsidyaku amati kaunjika.

Kaunjika sindinabwere kudzamunyoza. Anativeka pamene tinalibe chofunda, ndipo mpaka lero akuveka ana athu. Koma tinene zoona: pa mtengo simungamugonjetse. Pitani ku Lizulu tsiku la msika muone belo likamasulidwa. Diresi ya mwana imagulidwa pa ndalama imene kwa inu singakwanire ngakhale nsalu yokha, osawerengera ulusi ndi zipi. Maboma anayesapo kulimbana naye. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zoti athetse malonda amenewa, koma ambiri anabwerera m'mbuyo America itawopseza. Rwanda yokha ndi imene inalimba mtima, ndipo mu 2018 inalandidwa mwayi wotumiza zovala zake ku America popanda msonkho. Ngati maboma anagwa nayo mphwayi nkhondo imeneyi, mayi wa makina amodzi pakhonde asataye mphamvu zake pamenepo. Asoke chimene m'belo mulibe.

M'belo mulibe muyeso wa munthu. Amene anasoka buluku la m'belo sankadziwa chiuno cha amuna anu, ndiye lidzafunika kubweza, kufupikitsa, kusintha zipi. Pamenepo kaunjika akukubweretserani ntchito yekha. M'belo mulibenso yunifolomu ya sukulu ya pano, mulibe bulauzi ya amayi a mpingo, mulibe zovala zofanana za operekeza mkwati. Ndipo kumbukirani 2020, matenda a korona atafika: boma litalamula zovala pakamwa ndi pamphuno, amene anapulumutsa anthu akumudzi anali matelala ndi amayi odula tizidutswa ta zitenje.

Chinanso, dera lathu lino n'lozizira. Tatsala pang'ono kulowa mu Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimawaula masamba m'madimba ndipo mwana popita kusukulu amachita kubisa manja m'khwapa. Chipewa choluka, masokosi a khanda, juzi ya mwana, shawelo yoberekera: zimenezi zikhale zitalukidwa kuzizira kusanafike, osati kuyamba kufunafuna ulusi mu Ogasiti. Ulusi ukadula, masulani juzi yakale ya pa kaunjika, muuchape, muuyanike mutaukulunga kuti uwongoke, mulukenso. Abambo mundikhululukire, nditchulenso nsalu za kumwezi za atsikana athu. Zosoka bwino, zochapika, zokhala ndi kabatani, zimathandiza mwana kuti asajombe kusukulu, ndipo mayi aliyense amene ali ndi singano angazisoke.

Komiti yokonza chionetserochi inanditengera m'chipinda mmene mwayala ntchito zanu. Ine chovala sindiyamba kuchiona kumaso. Ndimachitembenuza kaye, chifukwa telala amadziwika kunsi. Ndaona madiresi amene kunsi kwake n'koyera ngati kumaso: m'mphepete mwa nsalu mopindidwa kuti musayoyoke, msoko womangidwa poyambira ndi pothera, mpendero wofanana kuzungulira. Eni ake ndikuwayamikira. Ndaonanso ena okongola patali, koma ukawatembenuza ulusi uli lendelende, dzanja lina lalitali kuposa linzake, maluwa a chitenje mbali ina ayang'ana kumwamba, mbali ina pansi. Maina sinditchula, mwadzidziwa. Vuto lake si manja, ndi liwiro. Chapani nsalu musanadule kuti ifupikiretu. Yezani kawiri, lembani ndi choko, ndiye mugwire sizasi. Simbi ikhale ndi makala pambali panu, msoko uliwonse muusite musanapite pa wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali kantchito kena kamene achinyamata ambiri sakukadziwa, ndipo kali ndi ndalama. Shati ya abambo imayamba kutha pakolala, pamene pamakhudza khosi, thupi lake likadali labwinobwino. Tengani lezala, mumasule msoko wogwira kolalayo pang'onopang'ono, osacheka nsalu. Itembenuzeni kuti mbali yothayo ipite kunsi. Ipindeni pawiri mupeze pakati pake, mufananize ndi pakati pa msana wa shati, mubaye mapini kuchokera pakatipo kupita kumapeto, kenako musoke potsata timabowo ta msoko wakale. Mukasita, mwini wake apita nayo kutchalitchi chaka china chathunthu, anthu osadziwa kanthu.

Tsopano za makina. Kaya ndi Singer amene agogo anabwera naye kuchokera ku Joni kapena ku Salisbury, kaya ndi Butterfly wa ku China, makina oponda ndi miyendo safuna magetsi ndipo akasamalidwa amakalamba ndi zidzukulu. Ambiri safa ndi ukalamba, amafa ndi mafuta ophikira. Mafuta a ndiwo akalowa m'makina amauma n'kumata ngati ulimbo, ndipo pakapita miyezi gudumu limakana kuzungulira. Gulani kabotolo ka mafuta a makina, kadontho kamodzi pa bowo lililonse n'kokwana. Tsegulani kachitsulo ka pansi pa singano muchotse tithonje timene timaunjikana pa mano okoka nsalu. Singano ikabuntha sinthani, musaiumirire. Ya nambala 14 ndi ya zitenje ndi mashati, jinzi imafuna 16 kapena 18. Mukaona ulusi ukupotana kunsi kwa nsalu, musathamangire kumasula kasikuluwu ka bobini. Kawirikawiri vuto limakhala pa ulusi wapamwamba, mwina sunalowe bwino m'njira yake, choncho uchotseni muulowetsenso phazi la makina lili m'mwamba. Ndipo mukamaliza ntchito vundikirani, fumbi la mu Okutobala silichitira chifundo chitsulo.

Ndifike pamene pakupweteka. Amayi ambiri amene anasiya kusoka sanasiye chifukwa chosowa luso kapena makasitomala. Anagwetsedwa ndi abale. Mlamu abwera ndi buluku, akuti tangondigwirirani apa. Apongozi abwera ndi chitenje, ndipo mungayambe bwanji kuwatchulira mtengo? Wina akuti ndidzakuonani ndikakumba kachewere, wa ku Furancungo akuti ndikagulitsa fodya. Kachewere akumbidwa, wakwera galimoto, wapita, inu simunaonedwe. Ulusi watha, singano yathyoka, pogula china palibe, makina asanduka poika ndowa. Inu abale, ndikunena ndi inu: amene mukumudyera masuku pamutuyo ndi mwana wanu yemwe. Mukafuna kuti adzakusokereninso chaka chamawa, mulipireni chaka chino.

Nanunso osoka phunzirani kuwerengera. Gulani kope. Pa chovala chilichonse lembani nsalu, ulusi, zipi, mabatani, lasitiki, makala a simbi, ndi kangachepe ka mafuta ndi singano. Kenako muike tsiku lanu. Ambiri mumaiwala pamenepa, ngati kuti nthawi ya mayi ndi yaulere. Funsani kuti waganyu m'dimba la kachewere akulandira zingati pa tsiku. Ngati diresi yakudyerani tsiku lathunthu ndipo chotsala m'manja mwanu n'chochepera pa cha waganyuyo, ndiye kuti mwasokera chifundo. Wobweretsa ntchito apereke theka poyamba, theka potenga, ndipo chovala chisatuluke pakhomo ndi malonjezo. Ife a m'malire tilinso ndi vuto lathulathu la ndalama ziwiri. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atakongoza ntchito yake m'makwacha anadzalandira ndalama yosagulanso ulusi umene anagwiritsa. Gwirizanani poyambirira kuti malipiro ndi a metikali kapena a kwacha, ndipo ngongole isagone miyezi.

Sindinaiwale abambo a malichero, madengu ndi mphasa, ndi amayi a mikeka ndi mbiya. Beseni lapulasitiki lalanda malo a dengu m'nyumba zambiri, koma palibe mayi amene anapetapo mphale ndi beseni. Lichero lidzafunika malinga ngati tikudya nsima. Chondidetsa nkhawa n'chakuti oluka amene ndawaona m'chipindamo pafupifupi onse ndi a imvi, ndipo zipangizo zikusowa. Madambo amene munkamera bango tawasandutsa madimba, nsungwi tikungodula osadzala, zotsala moto wolusa ukumaliza. Mafumu ndi anyakwawa, apa mpanu. Patulani malo m'mbali mwa mitsinje pamene bango lisiyidwe, ndipo limbikitsani khomo lililonse kudzala phata la nsungwi kuseri kwa nyumba. Nsungwi imagwiranso nthaka kuti isakokoloke, ndiye palibe amene aluzepo.

Kwa aphunzitsi ndi makolo, pempho langa n'lakuti anyamata nawonso agwire singano. Matelala ambiri m'misika yathu ndi amuna, koma kunyumba timaseka mnyamata wosoka batani lake. Mwana aliyense asanamalize pulayimale adziwe kusoka batani, kuika chigamba ndi kupinda mpendero. Kwa a Shefi a Posto, tikupempha kakhumbi pamsika kokhala ndi denga ndi chitseko, kuti osoka asamasenze makina m'mawa ndi madzulo, ndiponso kuti sukulu zikamafuna mayunifolomu ziyambe zafunsa magulu a konkuno zisanapite ku Ulongwe. Inu a magulu, mutu umodzi susenza denga: sonkhanani mugule ulusi, mazipi ndi mabatani pamodzi pa mtengo wopikulira, ndipo musankhe mmodzi kapena awiri aphunzire kukonza makina kuti musamadikire mmisiri wochokera kutali. Alendo a ku Macanga musabwerere musanasiyane manambala ndi anzanu a kuno, popeza zimene ena akuzidziwa ena sakuzidziwa.

Dzuwa lakwera ndipo ovina akudikira. Ndi ulemu umene mwandipatsa, ndikulengeza kuti chionetsero cha zosokasoka ndi ntchito zamanja cha kuno ku Ntengo-Wambalame chatsegulidwa.