FUNSANI NTHAKA MUSANATHIRIRE



Fodya tagulitsa, ndipo tsopano maso athu ali kumadimba. Mukudziwa inu nomwe kuti pofika Okutobala zitsime za m'madambo zimayamba kuphwa, nthawi yomwe nazale za fodya zikufunanso madzi. Pamenepo milandu ya madzi imachuluka pabwalo la mfumu. Koma si dzuwa lokha limene limatha madziwo ai. Ambiri timataya tokha pothirira mopitirira muyeso.

Mlimi akaona kuti pamwamba pauma, amathamangira kheni, chonsecho pansi pamene pali mizu chinyezi chikalipo. Madzi owonjezawo amatsika ndi feteleza kunka kumene mizu siifika. Mwatero mwataya madzi, feteleza ndi mphamvu zanu zomwe.

Kuli chipangizo chotchedwa Chameleon, ndiye kuti bilimankhwe, chifukwa chimasintha mtundu. Anachikonza Dr Richard Stirzaker wa bungwe la CSIRO ku Australia. Kuno kwathu chinayesedwa pa ntchito imene inayamba mu 2015, pamodzi ndi akatswiri a ku Kasinthula, m'boma la Chikwawa.

Mumakwirira m'munda tizidutswa titatu tomva chinyezi: kena pafupi, kena pakati, kena pansi. Mukalumikiza mawaya ake ku kabokosi kowerengera, nyale zitatu zimayaka. Nyale ya buluu itanthauza kuti nthaka yakhuta, musathirire. Yobiriwira itanthauza kuti chinyezi chilipo chokwanira. Yofiira itanthauza kuti pauma, mbewu zili ndi ludzu. Nyale ya pansi ikakhala ya buluu masiku onse, dziwani kuti mukuchulutsa madzi. Alimi amene anachiyesa anachepetsa masiku othirira, ndipo mikangano ya madzi inachepanso.

M'minda ikuluikulu ya m'maiko ena, zomvera chinyezi amazilumikiza ku mpope, kotero kuti mpope umayamba wokha nthaka ikauma, nuleka ikakhuta. Zimenezo n'zodula. Koma kabokosi kamodzi kowerengera kangathe kuzungulira minda ya kalabu yonse.

Pamene chipangizocho simunachipeze, kumbani ndi khasu kufika pamizu, nimufumbate dothi. Likaumbika, dikirani; likamwazika, thirirani m'mawa kapena madzulo.

Inu mafumu, itanani onse otunga pachitsime chimodzi, mugawe masiku othirira madzi asanachepe. Musadikire kuti mlandu uyambe wafika pabwalo. Kambiranani ndi mlangizi wa kwanuko.

Tsalani bwino nonse.