Madzi Pakati pa Nyenyezi

Nyenyezi zimabadwira m'mitambo yozizira ya mpweya ndi pfumbi. Nthunzi ya madzi m'mitambomo idziwika ndi kuwala kwacekwace kosaoneka ndi maso, koma cinyezi ca m'mlengalenga mwa dziko lapansi cimakuphimba. Cifukwa cace m'caka ca 2009 akatswiri a ku Ulaya anatumiza kumwamba makina oonera kutali, dzina lao Herschel. M'caka ca 2012 gulu la Paola Caselli linalengeza kuti mumtambo wa L1544, m'mene nyenyezi siinayambe kuwala, muli nthunzi yokwanira kudzaza nyanja zonse za pansi pano maulendo oposa 2,000. Komabe madzi ocuruka koposa ali oundana pa pfumbi. Akatswiri ambiri ayesa kuti ena a madzi amene anthu amamwa lero anapangika motero, dzuwa lisanakhaleko.